Phazi la Amake Jailosi

Chaka chachisanu cha ufulu: kutsikira kuchigwa

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Muno ndikulemba za ntchito basi, kuyambira tsiku lomwe ndinayamba kudya thukuta langa.

Nditamaliza kosi ya zachitukuko cha m'midzi, boma linanditumiza kuchigwa cha Luangwa, kuno komwe lero mukuti Mambwe. Ndinali mtsikana wosakwatiwa, wa sutikesi imodzi. Ntchito yanga inali yoyambitsa makalabu a amayi, momwe aziphunziramo kusoka, kuluka, kuphikira ana ndi kusamala pakhomo. Bwana wanga anali a Simfukwe, munthu wa ku Mbala, wamtali, wosavula chipewa ngakhale mu ofesi. Ofesi yawo inali ku Chipata, ndipo kuchigwa ankatsikirako mwa apo ndi apo. Ponditsazika anati, "Misi Phiri, kumeneko tinatumizako atsikana awiri, onse anathawako Khirisimasi isanakwane. Inu mudzabwerako liti?" Ine ndinati, "Mukadzandiitana, bwana." Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, nkuseka, nkundipatsa makina osokera opukusa ndi dzanja, singano zochepa, ndi lonjezo lakuti nsalu zibwera pambuyo.

Anandipezera kanyumba ka chipinda chimodzi pafupi ndi kachipatala ka m'dera la Nkwali. Kutentha kotero ndinali ndisanakuonepo. Okutobala wa kuno amaumitsa malovu mkamwa, ndipo akashembe ankandiluma kubowola ngakhale diresi. Chikunda sindinkachimva, munthu akati "Muli tyani?" ndinkangomwetulira ngati wogontha. Mwayi wake amayi ambiri ankamva Chinyanja. Sabata yoyamba anabwera ochuluka pansi pa mtengo wa mvunguti kudzaona makina. Kenako singano zinathyoka imodziimodzi, mvula inagwa, msewu wa ku Chipata unasanduka phala, ndipo nsalu zija sizinafike. Ndinatsala ndi ulusi wolukira wokha, ndipo amayi anayamba kuchepa.

Amene anandiuza zoona anali amake Jailosi, mayi wa ana anayi, wamfupi, wa mapewa ngati munthu wopalasa bwato, wosadziwa kubisa mawu. Tsiku lina anaika ulusi pansi nati, "A Madamu, musakhumudwe. Kumunda udzu ukukula, posachedwa mbalame ndi anyani ayamba mapira, ine ndikhale pano kuluka kansalu ka patebulo? Tebulolo ndilitenga kuti?" Anzawo anaseka, ndipo sabata yotsatira ndinakhala ndekha pansi pa mvunguti ndi makina opanda singano. Khirisimasi imeneyo ndinalira, koma sindinathawe. Manyazi okaonana ndi a Simfukwe anali aakulu kuposa kutentha.

Chaka chachisanu ndi chimodzi: Gunila

Msewu utangouma kunafika mzamba wachizungu wochokera ku Swideni, mmodzi wa anthu odzipereka omwe ankabwera zaka zimenezo kudzathandiza dziko latsopano. Dzina lake linali Gunila. Anali wamkulu kwa ine pang'ono, wamtali moti ankawerama polowa m'chipatala, woyenda motsimphina mwendo wamanzere. Zala zake zinali zopindikapindika ngati mizu. Tinakhala anansi, ndipo poti Chingerezi chake chinali chothyoka ngati changa, sitinkachitirana manyazi. Tsiku lina ndinamufunsa za zalazo. Analowa m'nyumba nkutuluka ndi mpira wachikopa, waung'ono poyerekeza ndi wamiyendo, wokwana m'dzanja limodzi.

"Uwu ndiwo unandithyola," anatero.

Kwawo amautcha handibolo. Si netibolo ija tinkasewera kusukulu, yoponya m'mphete munthu utaima. Uwu uli ndi magolo ngati mpira wamiyendo, koma umaponyedwa ndi dzanja, anthu akuthamanga ndi kugundana. Gunila anali wapagolo wa kalabu ya amayi ya m'tauni yake, ndipo kalabuyo inali m'gulu lapamwamba kwambiri, momwe mumatuluka akatswiri a dziko lonse. Ndinamufunsa ngati imeneyo ndiyo inali ntchito yake. Anaseka. "Tisauke, tonse tinali antchito ngati iwe. Wina kalaliki, wina mphunzitsi, wina wa m'fakitale. Tikaweruka, kunja kukuzizira koumitsa madzi, timalowa m'holo kukaphunzira. Loweruka tikwera sitima kukasewera kutauni ina, Lolemba tili pantchito ndi mabala athu." Ankandiuza za ulimbo womwe amapaka m'zala kuti mpira usapulumuke, za holo yodzaza anthu opondaponda pansi mpaka matabwa kunjenjemera, ndi za mnzake wapamtima Ingiridi, kaputeni wa timuyo, yemwe dzanja lake lamanzere linkaopedwa kulikonse. Bondo litang'ambika, madokotala anamuuza kuti mpira wathera pomwepo. Anati sakanatha kukhala m'tauni yomweyo nkumamva phokoso la m'holo iye ali panja, ndiye anapempha ntchito yakutali.

Vuto lake linali ngati langa: amayi sankabwera ndi ana kusikelo. Tinagwirizana zowatsata kuminda, poti inali nyengo yolondera mapira. Madzulo ena tinafika kumunda kwa amake Jailosi nkuwapeza ali pansanja. Nyani wamkulu anali atathyola ngala ya mapira nkukhala pachulu, patali ndithu, akudya mosatekeseka. Amake Jailosi anatsika, natola chibuma chouma, nathamanga pang'ono, nkuchiponya. Chinamupeza nyaniyo m'nthiti, tinamva kuti phu, ngala nkugwa, mwini wake akuthawa akulira. Gunila anandigwira pamkono mpaka kupweteka. "Afunse, anaphunzira kuti zimenezo?" Ndinafunsa. Amake Jailosi anati, "Kuphunzira chiyani? Kuno mtsikana aliyense amakula akugenda. Ukapanda kugenda udya chiyani?"

Mawa lake tinabwereranso ndi mpira. Gunila anaima pakati pa mitengo iwiri ya tsanya, natambasula manja, nati m'Chinyanja chake chokhota, "Amayi, menya ine." Amake Jailosi anakana. "Iyayi, ndingaphe mzungu wa boma." Titawakakamiza anaponya monyengerera, Gunila nkuuchotsa ndi phazi. Anaponyanso, iye nkuuchotsa ndi chikhatho, akuyasamula dala. Amayi a minda yoyandikana anali atasonkhana, ndipo wina anati, "Amake Jailosi, kodi mphamvu zija ndi za anyani okha?" Pamenepo nkhope inasintha. Anamangitsa chitenje, nabwerera m'mbuyo, ndipo mpira womwe unachoka m'dzanja lawo ine sindinauone. Unadutsa pakhutu pa Gunila nkukagwera m'kati mwa mapira. Gunila anakhala pansi pafumbi nkuyamba kuseka. Nditayandikira ndinaona kuti misozi ikutsikanso.

Zaka ziwiri za bwalo

Mapira atakololedwa tinayamba. Bwalo tinasankha padambo louma kuseri kwa chipatala, koma njovu zinali zitadutsapo nthawi ya matope, ndipo mapazi ake anauma ngati mitondo. Amayi anatuta dothi la pachulu, nakwirira maenjewo, nasinja ndi misi mpaka pansi panasalala ngati m'nyumba yozira. Magolo tinakhoma a mitengo ya tsanya nkukolekapo maukonde akale a asodzi. Kutsogolo kwa golo lililonse Gunila anajambula ndi phulusa mzere wokhota ngati mwezi wongooneka kumene, nkupereka lamulo lomwe ndinkamasulira tsiku ndi tsiku: m'kati mwa mzerewo mumalowa wapagolo yekha. Woponya akhoza kudumpha pamwamba pake, bola mpira uchoke m'dzanja iye asanatere, koma podumphapo phazi lisaponde phulusa. Akaponda, chigoli palibe. Amayi anautcha mpira wogenda, ndipo dzinalo lilipobe.

Ine sindinali wosewera. Mpira ukamabwera ndinkatsinzina. Gunila anandikoleka wezulo m'khosi nati, "Iwe uli ndi maso, ndipo kudedwa unakuzolowera kale. Ukhala woimbira." Anandiphunzitsa malamulo onse, limodzilimodzi, tikudya mtedza pakhonde, ndipo ndikalakwitsa pabwalo ankandidzudzula pamaso pa amayi osandinyengerera.

Tinaikanso lamulo lathu: mayi wofuna kusewera ayambe wakweza mwana pasikelo ndi kukhala nawo paphunziro langa. Pansi pa mvunguti panadzazanso. Kusoka nako kunapeza ntchito. Chitenje chinkamasuka pothamanga, ndiye tinasoka pamanja makabudula ofika m'mawondo kuchokera kumatumba a ufa, pamwamba nkumangapo kachitenje. Mpira wa Gunila utabooledwa ndi minga tinaumata ndi zigamba za chubu cha njinga, ndipo wina tinasoka wa tenti yakale yomwe a kumsasa wa alendo anataya, nkuulongeza thonje. Sunkadunda, koma pogenda unali bwino. Amayi a ku Kawaza atamva anayamba kubwera wapansi, a ku Malama nkutuma mthenga kuti nawonso akufuna. Amuna poyamba ankang'ung'udza kuti ndiwo zikuchedwa, koma madzulo ankapezeka okha m'mphepete mwa bwalo, aliyense akuuza mnzake kuti mkazi wake ndiye wodziwa.

Mbiri inakwera mapiri mpaka ku Chipata, ndipo inafika itapotoka. Ena anakanena kuti wantchito wa boma akuphunzitsa akazi a eni kudumpha miyendo ili pamtunda. A Simfukwe anandiitanitsa.

"Misi Phiri, boma linakulembani kuti muphunzitse amayi kusoka. Ine ndikumva kuti mukuimba wezulo."

"Akusoka, bwana. Asoka makabudula."

"Makabudula!" Anavula chipewa, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione dazi lawo. "Anzanu a ku Petauke akubweretsa nsalu za patebulo kuchionetsero. Ine akuluakulu ndiwaonetsa chiyani? Makabudula a matumba?"

Ndinawafotokozera za ana omwe tsopano ankafika kusikelo, ndi za amayi oyenda mtunda wautali kudzaphunzira. Ankamvetsera akupukuta thukuta. Kenako ndinawauza nkhani yomwe ndinali nditaisunga: kalabu yakale ya Gunila inali itatenga ukatswiri wa dziko lawo chaka chimenecho, ndipo ena mwa osewerawo ankabwera patchuthi kudzaona nyama ndi mnzawo. Anali atavomera kusewera ndi amayi athu. A Simfukwe anagwira pakamwa. "Akatswiri a dziko lonse? Kusewera ndi amayi a m'mapira? Mukufuna kuchititsa boma manyazi pamaso pa alendo?" Anavalanso chipewa. "Chabwino. Ndidzabwera ndekha. Ndikadzaona chipongwe, kalabu ndidzatseka tsiku lomwelo, ndipo inu mudzabwera kuno kudzasunga mafayilo."

Chaka chachisanu ndi chitatu cha ufulu, kumapeto kwa Ogasiti: alendo

Anafika asanu ndi mmodzi pagalimoto ya kumsasa wa alendo, atafiira ndi dzuwa ngati phwetekere. Ingiridi ndinamuzindikira asananene dzina: mayi wa tsitsi lalifupi, wa maso osaphethira, wogwira ntchito kupositi kwawo. Anakumbatirana ndi Gunila nthawi yaitali. Wapagolo wawo anali atatsala kwawo chifukwa anali woyembekezera, choncho anabwera ndi juzi yakale ya Gunila poganiza kuti aima kumbali yawo. Ingiridi anaitambasula pamaso pa tonse. Gunila anaigwira, naiika pankhope, nkuibweza. Analankhula m'chinenero chawo, kenako anatembenukira kwa ife. "Ndawauza kuti kalabu yanga tsopano ndi ino." Ingiridi sanakondwe, ndinaona nsagwada zake zikulimba. Anayankha mawu ochepa, Gunila nkumasulira akumwetulira: "Akuti ndiye sandimvera chisoni." Mmodzi wa alendowo anavomera kuima pagolo lawo, ndipo tinagwirizana kuti mbali iliyonse ikhale ndi anthu ofanana. Woimbira panalibe wina koma ine. Ingiridi anafunsa ngati sindikondera. Gunila anati, "Udzaona wekha."

Tsikulo anthu anayamba kufika m'mawa. A ku Malama anali atagonera m'njira. Asikauti oteteza nyama za m'tchire anabwera ndi yunifomu zawo, ng'oma zinabwera, ndipo mitengo yozungulira bwalo inabala anthu. A Simfukwe anakhala pampando wa m'chipatala, nkhope ili gwa. Poti iwo okha ndiwo anali ndi wotchi yodalirika, ndinawapempha kuti atisungire nthawi. Anavomera monyinyirika. "Tiyamba fifitini awazi, 3 koloko masana, Misi Phiri, ndipo tisachedwe. Ndikufuna kukagona ku Chipata."

Chigawo choyamba ndimachikumbukira ndi mantha mpaka lero. Ndinali ndisanaonepo anthu akusewera motero. Mpira unkayenda m'manja mwawo ngati uli pachingwe, osayang'anana nkomwe, wina akudutsa kumbuyo kwa mnzake, wina nkutulukira pomwe panalibe munthu. Ingiridi ankadumpha ngati waima m'mwamba, nkudikira, nkuponya. Amayi athu anaima kukamwa yasaa, kuonerera ngati ndi alendo pabwalo lawo lomwe. Gunila anachotsa ingapo, koma yambiri inalowa. Amake Jailosi anagoletsa kawiri, ndipo ndi zokhazo zomwe zinaletsa anthu kubalalika. Popuma tinali kumbuyo kwambiri. Ndinaona a Simfukwe akuyang'ana wotchi, nkuyang'ana ine.

Woimbira saloledwa kupangira timu nzeru, ndiye ndinaima pandekha pakati pa bwalo. Koma mawu a amake Jailosi sankafuna kuti munthu ayandikire. "Inu, awa si mizimu! Taonani akupumira kukamwa ngati nkhuku za m'Okutobala!" Zinali zoona. Alendo anali atagona pansi pamthunzi, akudzithira madzi kumutu. Nsapato zawo zinkatereranso padothi lathu losinja, pomwe mapazi opanda kanthu ankagwira. Gunila anamangitsa bandeji pabondo nati, "Thamangani basi. Musawapatse mpata wopuma. Ine ndikagwira, inu mukhale muli kale kutsogolo."

Chigawo chachiwiri chinali cha anthu ena. Gunila ankawadziwa anzakewo kuyambira utsikana. Phewa likangopendeka iye anali atafika kale komwe mpira ukupita. Akaugwira ankauponya kutali nthawi yomweyo, ndipo amayi omwe anakula akuthamangitsa anyani m'dzuwa lomwelo ankaupeza alendo asanatembenuke. Chigoli chinabwera, china nkutsatira. Nthungululu zinayamba kumbali ya a ku Kawaza nkuzungulira bwalo lonse. Ng'oma zinalira. Titafanana zigoli, fumbi la anthu ovina linaphimba dzuwa, ndipo ndinaona a Simfukwe ataimirira, mpando utagwa kumbuyo kwawo.

Nthawi itatsala pang'ono, amake Jailosi analandira mpira, napyoza pakati pa alendo awiri, nadumpha, nkuponya. Ukonde unagwedezeka. Bwalo lonse linaphulika, anthu nkuyamba kukhamukira m'kati. Koma ine ndinali nditaona. Podumpha paja chala chachikulu cha phazi lawo chinaponda phulusa. Palibe wina anaona. Alendo sanadandaule, Ingiridi anali atawerama kale kutola mpira kuti akayambire pakati. Wezulo inali mkamwa mwanga, ndipo ndikanangoloza pakati pa bwalo nkhani ikanathera pomwepo. Ndinaganiza za misi yomwe inasinja bwalo lija, za amayi ogonera m'njira, za mafayilo a ku Chipata. Ndinaimba mwamphamvu nkuloza pamzere.

Phokoso lomwe linabuka tsopano silinali la chimwemwe. "Watigulitsa!" "Mchewa uyu si wa kuno!" "Mulandeni wezuloyo!" Amake Jailosi anabwera mpaka mphuno zathu zinatsala pang'ono kugundana, thukuta likuchucha.

"A Madamu, kodi ndinu wa kuno kapena wa ku Swideni?"

"Mwaponda, amake Jailosi."

"Waona ndani?"

"Ine."

Ndinawagwira dzanja nkuwaonetsa. Chala chawo chinali chitadinda paphulusa bwinobwino. Anayang'ana, nalavula kumbali, nkubwerera kwa anzawo. Gunila ali kugolo kwake sanandiyang'ane. Amene anabweza anthu anali a Simfukwe. Analowa m'bwalo manja ali m'mwamba akukuwa, "Tulukani! Kwatsala thuu minitsi! Tulukani, masewera sanathe!" Asikauti anawathandiza, bwalo nkuyera.

Alendo anayamba, ndipo mavuto anga anali asanathe. Ingiridi anapeza mpata, ali yekha ndi golo, ndipo mayi wathu wina anamukoka dzanja kuchokera kumbuyo. Lamulo lake nlodziwika: penate, woponya ndi wapagolo awiriwiri. Ndinaimbanso. Sindinamve zomwe anthu ankanditchula, makutu anali atatseka. Ingiridi anaima pamalo pake, napukuta dzanja pamalaya. Gunila anatuluka pang'ono pagolo, natambasula manja. Anayang'anana, anthu awiri omwe anakwera sitima limodzi zaka zonse zija. Ingiridi anachita zomwe analonjeza, sanamve chisoni: anaponya pansi, kumanzere, kubondo lovulala lija. Gunila anali akudziwa. Anaponya mwendo womwewo, mpira nkugunda pamsongolo, ndipo kukuwa kwake kunamveka mpaka kuchipatala. Anagwa, nakwawa, naugwira mpira, nadzuka ndi mwendo umodzi, nkuuponya ndi mphamvu zonse zomwe zinatsala.

Amake Jailosi anaulandira pakati pa bwalo. Anathamanga, ndipo tonse tinkadikira kuti adumphanso. Sanadumphe. Anaima kutali ndi mzere, pamalo pomwe munthu wanzeru saponyerapo, nabweza dzanja m'mbuyo, nkugenda. Mlendo wa pagolo uja anakweza manja mpira utadutsa kale. Ukonde unazuka pamsomali nkugwa nawo pansi.

Sanavine, sanakuwe. Anatembenukira kwa ine, naima ndi mwendo umodzi, nagwira winawo pakakolo nkuukweza kuti ndione kuphazi. "Nanga apa, a Madamu? Pali phulusa?"

Ndinaimba chigoli. Sindikudziwa ngati wezulo inamveka, chifukwa a Simfukwe anali akuthamanga m'bwalo, wotchi ili m'mwamba, akukuwa, "Yatha! Yatha! Tapambana!" Chipewa chawo anachiponya m'mwamba ndipo sichinapezekenso. Anthu omwe ankafuna kundilanda wezulo ndi omwewo anandinyamula. Ena ananyamula amake Jailosi, ndipo alendo eni ake ananyamula Gunila kupita naye kuchipatala chake chomwe, iye akuseka ndi kubuula nthawi imodzi.

Pambuyo pake

Ndisakunamizeni, ana anga. M'holo yawo, m'kuzizira kwawo, ali onse ndi wapagolo wawo, akanatimenya ngati ana. Gunila ankanena yekha zimenezo. Koma anabwera kwathu, padothi lathu, padzuwa lathu, anasewera ndi mtima wonse, ndipo amayi a m'mapira anawagonjetsa popanda chigoli chakuba. Ingiridi anandifunafuna m'gulu la anthu, nandigwira chanza ndi manja onse awiri. Titalowa m'chipatala, Gunila ali pabedi anamasulira: "Akuti phazi lija iye sanalione, ndipo akanapita kwawo osadziwa." Potsazika anatisiyira mipira yawo yonse ndi chitini cha ulimbo uja. Amayi anaununkhiza nkunena kuti wathu wotchera mbalame ndi wamphamvu kuposa umenewo.

A Simfukwe sanakagone ku Chipata tsiku limenelo. M'mawa, dazi lili pamtunda, mawu atasasa, anandiitana pafupi ndi galimoto. "Misi Phiri, mu lipoti tilemba kuti linali phunziro lanji?" Ndinati, "Zolimbitsa thupi ndi kusoka, bwana." Anagwedeza mutu. "Chabwino. Nanga amayiwa angabwere kudzasewera kuchionetsero cha chaka chamawa? Ndi makabudula awo omwewo." Za kutseka kalabu sanazitchulenso, ndipo ine sindinawakumbutse. Zaka zotsatira ananditumiza kukayambitsa makalabu ku Malama ndi m'midzi ina ya m'chigwa, ndipo kulikonse ndinkayamba ndi bwalo, zina nkumabwera pambuyo. Ndi paulendo wina wotero pomwe ndinakumana ndi atate anu, ali mphunzitsi wongofika kumene, akudandaula za kutentha.

Bondo la Gunila silinachirenso. Anamaliza nthawi yake akuyenda ndi ndodo, ndipo atabwerera kwawo analowanso m'holo ija, tsopano ngati mphunzitsi wa atsikana a kalabu yake yakale. Tinkalemberana mpaka maso ake atafooka.

Amake Jailosi anakhala m'bale wanga wa kuno. Ndi iwo anakusambitsa koyamba iwe Misozi, ndipo pa maliro a atate anu sanachoke pambali panga. Koma nkhani ya chigoli chija sitinagwirizanepo. Mpaka muukalamba wawo, mlendo akafunsa za tsiku lija, ankati, "Azungu aja tinawaposa ndi zigoli ziwiri." Ine ndikati, "Chimodzi, amake Jailosi," ankandiyang'ana cham'mbali nkuuza mlendoyo, "Musawamvere awa. Iwo anali ndi wezulo, koma phazi linali langa."